Thabwa Lotuwa la Pamsondodzi

Chithunzi cha Pamsondodzi mumachidziwa nonse. Ngati simunachigule, munachiona chitapachikidwa pa chingwe m'sitolo ya zithunzi, kapena chitamatidwa pakhoma la nyumba yosambira pomwe nthunzi yachidya m'mphepete. Mtsinje wabuluu ukukhotera kumanzere, msondodzi wawerama ngati ukufuna kumwa, bwato lowolotsa anthu lili pakati pa madzi. Anthu akachiona amati, "Koma pamenepa mpabwino." Ine ndikachiona ndimafuna kuching'amba. Pansi pa msondodziwo, pomwe chithunzi chikuonetsa udzu wokhawokha, mpomwe panali nyumba ya azakhali anga a Oriku, ndipo ine ndinakulira momwemo.

Dzina langa ndine Otaki. Sukulu ndinasiya chaka chatha koma kulemba ndimatha, choncho a nyuzipepala musandikonzere mawu, ndipo dzinalo musalichotse. Zochotsachotsa zatikwana kwathu.

Azakhali anabadwira m'nyumba imeneyo nthawi ya boma lakale, mzinda uno ukutchedwabe Edo. Ntchito yawo ndi yomwe ankagwira bambo awo, yotsukuluza nsalu. Onyika nsalu a kuseri kwa msika amabwera ndi mitolo ya nsalu zazitali zongotuluka mu utoto, zitakakamira phala la mpunga lomwe amalembera maluwa, ndipo pamafunika munthu woti aime mumtsinje n'kuzitsukuluza mpaka phala lonse litachoka. Munthu ameneyo ndi azakhali. Kutenthe, kuzizire mpaka madzi kuundana m'mphepete, iwo amakhala ali momwemo, chovala atachikwinyira m'chiuno, madzi ali m'ntchafu. Manja awo ndi abuluu mpaka m'zigongono ndipo sopo aliyense anawalephera. Kumapazi kuli ming'alu yoti mutha kubisamo mbewu ya mpunga.

Pakamwa pawo ndiye osanena. Oyendetsa mabwato amawadziwa. Wina akangopalasa pafupi n'kuvundula matope nsalu ili m'madzi, amamva mbiri ya amayi ake, ya agogo ake, mpaka ya galu wakwawo. Makolo anga atamwalira ndi matenda a m'mimba ndili wamng'ono, azakhali ndi omwe ananditenga. Sanandiuzepo kuti amandikonda. Amandiuza kuti ndimadya ngati wopalasa bwato. Koma nditadwala malungo anagona chokhala masiku angapo, atandifungatira, akutukwana matendawo ngati munthu.

Wojambula chithunzicho azakhali anamuona ndi maso awo. Anali msinkhu wanga uno pomwe bambo wina anafika ndi kabuku ndi burashi, n'kukhala pa mgolo wathu wovundikira osapempha. Anajambula m'mawa wonse. Bambo awo a azakhali anamupatsa mpunga woumba, anadya, n'kupempha wina. Patapita miyezi chithunzi chinatuluka m'masitolo, ndipo nyumba yathu inalipo, kakang'ono ngati nyemba, kotuwa, kautsi kakutuluka padenga, pambali pake mitengo yoyanikira nsalu. Agogowo anagula chimodzi, poti mtengo wake unali wofanana ndi mbale ya soba, chakudya chotchipa cha m'misewu chija. Anachiyang'ana, anaseka, kenaka anamatira chibowo cha pa chitseko cha pepala pomwe mphepo inkalowera. Kumapeto kwa chaka, pomwe aliyense amasintha mapepala a zitseko, azakhali anatenga chitsekocho n'kukachiviika mumtsinje, chithunzi n'kusungunuka pamodzi ndi mapepala ena onse.

"Ndani akanadziwa?" amatero. "Linali pepala basi."

Anakwatiwa kamodzi, ndi a Kumezo odinda zithunzi. Banjalo linatha tsiku lomwe a Kumezo anabwera ataledzera masanasana, n'kugona pa mtolo wa nsalu za eni ake zouma kale, n'kuzisanzira. Azakhali anaponya nsapato zawo za mtengo mumtsinje. A Kumezo anazitsatira, ndipo sanabwererenso. Kuyambira pamenepo amakhala kutsidya kwa mlatho, ndipo akakumana pamsika azakhali amayang'ana nsomba.

Mavuto anabwera ndi a Kurata. Bambo amenewa anamanga nyumba yodyera yosanja kumtunda kwathu, n'kuitcha dzina la chithunzicho. Anachipachika m'chipinda chilichonse, anachidinditsa ndi pa zokupizira mphepo zomwe. Alendo awo, anthu a zipewa za chizungu, amakhala pamwamba atatsegula mazenera, akumwa mowa wa mpunga, diso limodzi pachithunzi lina kumtsinje. Ndiye amaona chiyani? Msondodzi ulipo, bwato lilipo, komanso pali denga lathu losanjikiza miyala, nsalu zili balala pamitengo, ndi ntchafu za azakhali.

A Kurata anatsika tsiku lina atanyamula kabokosi ka makeke a nyemba. Azakhali anali m'madzi ndipo sanatuluke.

"Mayi, mwaswera bwanji? Ntchito ikuyenda?"

"Ikuyenda ngati simukuimitsa."

"Ndabwera mwaulemu, mayi. Alendo anga amachokera kutali kudzaona Pamsondodzi."

"Akuona. Ndawatseka m'maso?"

"Amafuna kuona monga zilili pachithunzi."

"Ndiye azikhala kwawo n'kumaona chithunzicho. Asavutike ndi ulendo."

A Kurata anaseka kuseka kwa mano okha. Anati kumunsi kwa mlatho kuli malo abwino, atha kutithandiza kusamuka.

"Kumunsi kwa mlatho n'komwe kumathera ngalande zonse za dera lino, pamodzi ndi ya khitchini yanu," anatero azakhali. "Nsalu ya mkwatibwi ndikaitsukuluze m'matumbo a nsomba zanu? Iwe Otaki, landira makekewo, udye. Ulemu wa bambowa usapite pachabe."

Ndinadya, ndipo anali okoma. Ndimanyansidwa ndikakumbukira.

Sipanapite nthawi, tinaitanidwa kwa mkulu wa dera. Iye ndi bambo wa jekete lakuda ndi ndevu zopotana, ndipo ine ndinali nditamuonapo kangapo pazenera la pamwamba la a Kurata, nkhope itafiira. Anatifotokozera kuti gombe lonse tsopano lili m'manja mwa boma. Amene anakhalapo kuyambira nthawi ya boma lakale akhale, koma obwera pambuyo achoke. Anafunsa ngati tili ndi pepala lililonse lakale. Pepala lanji? Moto wawotcha dera lathu kangati, ndipo ndani mwa otsukuluza nsalu anasungapo pepala?

Apo mpomwe a Kurata anatambasula chithunzi chawo patebulo, n'kuchisalaza ndi dzanja.

"Bwana, ichi chinajambulidwa nthawi ya boma lakale. Chidindo cha oyang'anira a nthawi imeneyo ndi ichi apa. Msondodzi uwu. Gombe ili. Nanga nyumbayo ili pati?"

Azakhali anati, "Nayi apa," chala chili kale m'mwamba. Chalacho chinatera pa udzu. Anachiyendetsa uku ndi uku ngati akufuna nsabwe. Zaka zonsezi ankachidutsa chithunzicho m'masitolo osachiyang'anitsitsa, poti munthu sayang'anitsitsa kwawo. Nyumba panalibe. Utsi panalibe. Mitengo yoyanikira panalibe.

"Inalipo," anatero. Aka kanali koyamba kumva mawu awo atachepa.

Mkulu uja anati tibwere ndi umboni mwezi usanathe, apo ayi nyumba igwetsedwa.

Mudzafunsa kuti nanga anansi? Okalamba omwe anaona azakhali akubadwa ali kumanda. Otsala amagulitsa nsomba ndi makala kwa a Kurata. Bambo wina yemwe azakhali anamuvuulira mwana wake mumtsinje anati maso ake akhala akuvuta kuyambira kale, sangalumbire. Ameneyo dzina lake ndikulidziwa, ndipo tsiku lina ndidzalilemba.

Tinayenda sitolo ndi sitolo kufuna chithunzi chakale. Paliponse ankatitulutsira chomwechi chopanda nyumba, china chofiira kumwamba ngati chathiridwa magazi. Wogulitsa wina wokalamba anatimvera chisoni.

"Zoyambirira zija, mayi, zili kutsidya kwa nyanja. Azungu anazisesa zonse, mpaka zomata pa zitseko. Koma mufunse amene ankazidinda, ngati alipo wamoyo."

Azakhali anaima panja pa sitoloyo akupuma ngati akwera phiri. Kenaka anati, "Tiye kwa chidakwa chija."

A Kumezo tinawapeza m'kachipinda kawo atakhala pafupi ndi mbaula yamatabwa, bokosi lodzaza phulusa makala ali pakati, akuwotha manja. Ndi munthu wowonda, koma mapewa ndi dzanja lamanja n'zazikulu ngati za munthu wina, chifukwa cha zaka zotikita mapepala. Atationa sanadzuke.

"Kodi kumwamba kwagwa? Oriku kwanga kuno? Kapena wandibweretsera nsapato zanga zija?"

"Nsapato zanu zinafika kunyanja, zili ndi nzeru kuposa mwini wake. Nyumba yanga inapita kuti?"

Anawaponyera chithunzi chomwe tinagula. A Kumezo anachiyang'ana pang'ono chabe n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Thabwa lotuwa," anatero.

Anafotokoza akuyang'ana ine, poti azakhali sankayang'anika. Chithunzi chimodzi chimadindidwa ndi matabwa ambiri. Pali thabwa la mizere yakuda, lomwe ndi fupa la chithunzi chonse, kenaka mtundu uliwonse uli ndi thabwa lake, labuluu, lobiriwira, lofiira, ndipo pepala limagona pa lililonse motsatana. Wojambula uja ankafuna kuti nyumba yathu ioneke ngati ili mu nkhungu, choncho sanaipatse mzere wakuda. Inagobedwa pa thabwa lotuwa lokha, pamodzi ndi utsi ndi nkhungu. Zoyambirira zitagulidwa, mwini sitolo anaona kuti anthu azigulabe ngakhale popanda nkhungu, ndipo anati thabwa lotuwa lichotsedwe kuti ntchito izifulumira.

"Ndani analichotsa?" anafunsa azakhali.

"Ndinali mnyamata, Oriku. Ndinkadinda zomwe andiuza."

"Ndiye kuti munandigwetsera nyumba ndisanakudziweni n'komwe."

"Nawenso unandichotsa m'nyumba yomweyo. Tafanana."

"Thabwalo lili kuti?"

A Kumezo anaponya maso pa mbaula. Odinda ambiri amatero, matabwa otha ntchito amakhomera mbaula, poti mtengo wake ndi wolimba. Azakhali anaigwira mbaulayo ndi manja awiri, anatuluka nayo, n'kukhuthulira phulusa ndi makala onse m'ngalande.

"Mayi iwe, kukuzizira kuno," anadandaula a Kumezo.

"Mowa ukufunditsani."

Anaiphwasula ndi mpeni wa nkhuni. Mbali imodzi inali thabwa lodetsedwa ndi mwaye, losalala pafupifupi paliponse, kupatula mizere ya nkhungu ndi kanthu kakang'ono kotumphuka chapakati. Azakhali anakapukuta ndi malovu. Kanali kanyumba, kotembenuka ngati pagalasi, ndi kautsi kake. Anakasisita ndi chala chawo chabuluu nthawi yaitali. Ine ndinayang'ana kumbali.

A Kumezo anasiya mowa masiku amenewo, ndipo ndinaona ndekha poti ndinkawapititsira mpunga. Anatsuka thabwalo, analiwongola poliika pansi pa mwala. Pangodya ya thabwa lililonse pamagobedwa kamphako komwe ngodya ya pepala imalowa, kuti mitundu yonse igwere pamalo pake. Kamphako kanalipo, koma kutentha kwa mbaula kunali kutafinya thabwalo, moti anachita kukhomerapo kachibanthu kopyapyala ngati chikhadabo, kuyesa, kupala, kuyesanso. Chithunzi choti adindepo anachigoneka usiku wonse pakati pa mapepala onyowa.

"Pepala louma silimva," anandiuza. "Likanyowa limatambasuka, likauma limakhwinyata. Thabwali ndaliyesera pepala lonyowa. Uzikumbukira zimenezo, mwina udzakwatiwa ndi wodinda."

"Ndidzakwatiwa ndi wosamwa," ndinatero.

"Ndiye si wodinda ameneyo."

M'mawa mwake azakhali anabwera. A Kumezo anapaka utoto wotuwa ndi kadontho ka phala, anasalaza ndi burashi, analowetsa ngodya ya pepala m'kamphako, n'kutikita kumsana kwake ndi chotikitira chawo chozungulira chokutidwa ndi khungu la nsungwi. Atalinyamula pepalalo, nyumba yathu inali pansi pa msondodzi, ndendende pamalo pake, utsi ukukwera kuseri kwa nthambi. Nkhungu inagona pamadzi, ndipo chithunzi chonse chinaoneka ngati chayamba kupuma.

Azakhali anachiyandikizitsa kumaso. "Mitengo yoyanikira inali itatu, osati iwiri," anatero. "Waulesi wojambulayo. Mpunga wa bambo unapita pachabe."

Tinapita kwa mkulu wa dera tonse atatu, a Kumezo atanyamula thabwa ndi zida zawo mu nsalu. A Kurata anali atafika kale, atakhala pampando. Ife tinaima.

Mkulu uja anayang'ana chithunzi chathu, anayang'ana cha a Kurata, n'kugwira ndevu. Ndinaona kuti wadabwa. A Kurata anachinunkhiza.

"Chikununkhabe utoto, bwana. Aliyense atha kudinda nyumba pa pepala lake. Mawa wina adzadindapo kachisi n'kunena kuti ndi wa agogo ake."

"Thabwa ndi ili," anatero a Kumezo. "Onani mwaye, onani mabowo a misomali. Ndi lakale kuposa ndevu zanu."

"Ngati ndi la chithunzi chimenechi," anatero mkuluyo, "ligwirizana ndi cha a Kurata. Dindani pa chawocho, pompano, tonse tikuona."

A Kumezo anagwira ngodya ya chithunzi cha a Kurata ndi zala ziwiri. Chinalira ngati tsamba louma, poti chinkapachikidwa pamwamba pa mbaula m'chipinda chodyera.

"Ili n'louma kwambiri, bwana. Liyenera kugona pa chinyezi mpaka mawa. Tilinyowetse pompano, mulitsekere nokha m'kabati mwanu."

Ndikulumbira kuti mkuluyo anatsala pang'ono kuvomera. Anayang'ana wotchi yake n'kutsegula pakamwa. Koma a Kurata anatembenukira kwa azakhali, akumwetulira mwachisoni.

"Mayi, ndikukumverani chisoni. Mdalayu akufuna akayambe wamwa kaye kuti manja asiye kunjenjemera. Dera lonse likudziwa. Inu nomwe munamuthamangitsa, lero mukuika nyumba yanu m'manja mwake?"

Khosi la azakhali linafiira. Ndinawakoka chovala koma anandikankha.

"Tamverani kuno, inu ogulitsa msuzi. Munthu uyu ndi chidakwa, ndi wabodza, ndi wauve, anandisanzira nsalu za eni ake. Zimenezo ndinena ndine, osati inu. Koma dzanja lake silinaphonyepo chibadwire. Mumzinda muno mulibe wodinda womuposa. A Kumezo, dindani."

"Oriku, pepalali..."

"Ndati dindani, awaone."

A Kumezo anawayang'ana. Ndikuganiza kuti pa zaka zonse za banja lawo ndi zonse za pambuyo pake, anali asanamvepo mawu otero kuchokera pakamwa pamenepo. Anagwada pansi n'kumasula nsalu yawo. Manja sananjenjemere ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo ndikufuna zilembedwe. Anapaka, anasalaza, analowetsa ngodya m'kamphako, anatikita. Ananyamula pepala.

Nyumba inatuluka, yothothoka mawangamawanga chifukwa cha kuuma. Koma sinali pansi pa msondodzi. Inali itasendera kumanzere, kusendera kwa nyemba imodzi basi, ndipo kumanzere kwa gombe lathu ndi mtsinje. Inaima pamadzi abuluu, utsi wake ukukwera bwinobwino.

Alembi awiri omwe anali pakhomo anayamba kuseka. A Kurata anaphimba pakamwa ndi chokupizira.

Tsono ndifunse inu owerenga. Munthu wamaso awiri, ataona kanyumba komweko, utsi womwewo, nkhungu ikutsata kukhota kwa mtsinje womwewo, angalephere kudziwa kuti thabwalo ndi la chithunzi chimenecho? Mwana wa chaka choyamba kusukulu akanadziwa. Mkuluyo anadziwa. Ndinaona m'maso mwake kuti wadziwa, komanso kuti wapeza potulukira.

"Malinga ndi umboni wanu womwe," anatero, "pamtunda palibe nyumba."

A Kumezo anayamba kufotokoza za chinyezi, koma palibe anawamvera. Ine ndinalankhula mawu omwe sindingawalembe pano, ndipo mlembi wina anandigwira mkono. Azakhali anatola chithunzicho patebulo.

"Bwana, mubwereze. Nyumba yanga mwati ili pati?"

"Mukuona nokha, mayi. Ili m'madzi."

"Alembi anu amva?"

"Amva."

"Chabwino." Anachipinda n'kuchilowetsa pachifuwa. A Kurata anati chithunzicho ndi chawo. Azakhali anati chaonongeka, agule china, ndi mtengo wa mbale ya soba.

Panjira a Kumezo ankayenda kumbuyo kwathu ngati galu womenyedwa. Pa mlatho anati, "Ndinakuuza, Oriku."

"Munandiuza," anayankha azakhali, osatembenuka. Sanawatukwane, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa china chilichonse tsiku limenelo.

Anyamata a a Kurata atabwera ndi zingwe ndi nyundo, anapeza denga litatsika kale. Azakhali anakana kuti dzanja la munthu wina likhudze nyumbayo. Anaiphwasula okha, thabwa ndi thabwa, ine ndikuzula misomali n'kumaiwongola pamwala. Pa mzati wa pakhomo panali timizere tomwe bambo awo ankalemba poyeza msinkhu wa ana, wa azakhali ndi wa bambo anga. Mzatiwo anaunyamula okha paphewa.

Kumunsi kwa mlatho kunali bwato lakale lophwatalala, la aja onyamula zonyansa za m'zimbudzi kupita nazo kuminda. Mwini wake anali atalitaya. Tinalikwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka manja kusupuka, koma kukatentha limakumbukirabe ntchito yake yakale. Pamenepo mpomwe tinamangapo nyumba ndi matabwa omwe aja. Kenaka azakhali anatulutsa chithunzi chija, anaima pa gombe, anayeza ndi diso kuchokera pa msondodzi, n'kundiuza pomwe ndizike nsungwi zomangirira. Anaimika mitengo yoyanikira pabwatopo, itatu.

Kale nyumba yathu inali m'mbali, theka lake litabisika ndi nthambi. Tsopano ili pakati penipeni pa zenera la a Kurata. A Kurata anathamangira kwa mkulu wa dera, koma iye anati za pamadzi si zake, zili ndi ofesi ina, ndipo ofesi inayo mpaka lero ikuti ikufufuza.

Anthu pamsika amaseka nkhaniyi, amati a Oriku anawina. Amene akunena zimenezo abwere adzagone kuno usiku umodzi. Bwatoli limadontha, ndipo m'mawa uliwonse ndimayamba n'kukapa madzi ndisanasukusule. Zofunda sizimauma. Azakhali kale ankati akatuluka m'madzi amakawotha mapazi pa nthaka youma, lero amatuluka m'madzi n'kukagona pamadzi. Chifuwa chinawagwira nthawi yozizira ndipo sichinawasiye. Mvula ikagwa kumapiri mtsinje umadzaza, ndipo timakhala titagwira zingwe, osadziwa ngati nsungwi zilimba. Pamalo pomwe anabadwira, a Kurata anadzalapo udzu kuti pafanane ndi chithunzi, ndipo pali mnyamata wolembedwa ntchito yothirira.

A Kumezo anabwerera ku mowa wawo. Masiku ena amabwera n'kukhala pa gombe. M'bwato saloledwa, koma azakhali amandituma kuti ndikawapatse tiyi, amati kuti asafere pakhomo pathu n'kutipatsa ntchito. Anatikhomera mbaula yatsopano. Mbali imodzi ndi thabwa lotuwa lija, kanyumba kakuyang'ana kunja.

Sabata yatha kunabwera mnyamata wa chipewa, ndi kabuku ndi pensulo, n'kukhala pa udzu wa a Kurata. Anali atatumidwa kujambula chithunzi chatsopano cha Pamsondodzi choti chikadindidwe pa zokupizira za chaka chamawa. Azakhali anamuona ali m'madzi. Anasiya nsalu m'manja mwanga, anayenda mpaka pa gombe, n'kuima kumbuyo kwake madzi akuchucha. Ine ndinatsatira nsalu ili paphewa. Pa kabukuko panali msondodzi, gombe, ndi mtsinje wopanda kanthu.

"Iwe mwana, maso ako ali bwino?"

"Ali bwino, mayi."

"Icho n'chiyani?"

"Bwato, mayi."

"Nanga apa lili pati?"

Mnyamatayo anati anamuuza kuti ajambule mtengo ndi madzi basi, iye ndi wongotumidwa.

"Nonse mumakhala ongotumidwa," anatero azakhali. Anagwira kabukuko, chala chawo n'kusiya chidindo chabuluu pakati pa mtsinje. "Ukalijambula, ukawauze ogoba kuti aliike pa thabwa lakuda. Za nkhungu sindikufunanso. Mitengo ndi itatu, uwerenge."

"Andichotsa ntchito, mayi."

Azakhali anatsokomola, analavula, anabwerera m'madzi. Anandiuza kuti ndikwere mumsondodzi ndi chingwe, ndimange pa nthambi yapamwamba, mbali inayo anaimanga pa mtengo woyanikira wa m'bwato. Tinayanikapo nsalu zonse za tsiku limenelo, zazitali, zabuluu, kuyambira pa nthambi mpaka pa bwato, moti kuchokera pa udzuwo mtengo sunkaonekanso, madzi sankaonekanso. Mnyamatayo anakhala pamenepo pensulo ili m'kamwa mpaka dzuwa litapendeka. Nsaluzo zinali zitauma kalekale, koma azakhali anati zisachotsedwe.